Atsogoleri a mu Africa anagwirizana zomawunikana okhaokha, nanga zinathera pati?

Pali bungwe lina la African Union lomwe anthu ambiri kuno kwathu sanalimvepo, ngakhale aja amakhalira kukangana za ndale pa Facebook usana ndi usiku. Dzina lake ndi African Peer Review Mechanism, mwachidule APRM, ndipo Malawi tinalowamo mu July 2004, a Bingu wa Mutharika atangokhala pampando miyezi iwiri yokha. Ganizo lake linali loti mayiko a mu Africa muno aziwunikana okhaokha momwe akuyendetsera maboma awo, dziko lizivomera lokha popanda wolikakamiza kuti anzake abwere adzaone zonse, ndale, chuma, katangale, umphawi, kenako atsogoleriwo akhale pansi auzane chilungamo. Osati kudikira kuti a IMF kapena akazembe a mayiko a azungu ndi amene azitiuza pomwe talakwa. Ine ganizo limeneli ndimalikonda mpaka lero, nchifukwa chake zimandiwawa ndikaona momwe zinthu zayendera.

Linabadwa nthawi ija Africa inali ndi chiyembekezo chambiri. NEPAD, pulani ya chitukuko cha Africa, anaivomereza ku Lusaka mu 2001, African Union inayamba ku Durban mu 2002 kulowa m'malo mwa OAU, bungwe lakale la mayiko a mu Africa, kenako mu March 2003 ku Abuja anakhazikitsa APRM. Amene ankakankha kwambiri anali a Thabo Mbeki a ku South Africa ndi a Olusegun Obasanjo a ku Nigeria, pamodzi ndi a Bouteflika a ku Algeria ndi a Wade a ku Senegal. Tizikumbukira kuti OAU inali ndi chikhalidwe choti za m'dziko la mnzako usalowelere, moti mu 1975 Idi Amin anakhala wapampando wake anthu akuphedwa ku Uganda. Ndiye kumva atsogoleri akunena okha kuti bwerani mudzatiwunike, chinali chinthu chachilendo ndithu.

Ndipo ndondomeko yake papepala ndi yabwino zedi. Dziko limayamba ladziwunika lokha, limakhazikitsa komiti ya dziko lonse momwe mumayenera kukhala a mabungwe omwe si aboma, amipingo, abizinesi, a zamaphunziro, ndipo amayenda kufunsa anthu pa nkhani za demokalase ndi ndale, kayendetsedwe ka chuma, kayendetsedwe ka makampani komanso chitukuko cha anthu. Akalemba lipoti lawo amalembanso pulani ya momwe akonzere zolakwikazo. Kenako kumabwera gulu la akatswiri ochokera m'mayiko ena a mu Africa motsogozedwa ndi mmodzi mwa akuluakulu olemekezeka omwe anasankhidwira ntchito imeneyi, oyambirira anali anthu ngati mayi Graça Machel a ku Mozambique, Pulofesa Adebayo Adedeji a ku Nigeria, mayi Marie-Angélique Savané a ku Senegal, a Bethuel Kiplagat a ku Kenya. Iwo amalemba lipoti lawolawo, boma limaloledwa kuyankhapo koma silingafufute zomwe alemba, basi lipotilo limapita ku msonkhano wa mapulezidenti a mayiko omwe ali mamembala, ndipo pakatha miyezi 6 limayenera kutulutsidwa kuti aliyense awerenge.

Ghana ndi imene inayamba, inawunikidwa mu January 2006 ku Khartoum nthawi ya a John Kufuor, ndipo inachita bwino. Mu komiti yawo munalibe nduna, anapereka ntchito yofufuza kwa mabungwe oima paokha, ndipo lipoti linatuluka ndi zinthu zowawa zomwe boma linazimeza. Chaka chomwecho ku Banjul anawunika Rwanda ndi Kenya. Apa ndi pomwe nkhani yeniyeni ikuyambira.

Gulu lomwe linapita ku Kenya linatsogozedwa ndi mayi Graça Machel. Lipoti lawo silinabise mawu, linanena kuti ndale za m'dzikomo zakhazikika pa mitundu, kuti nkhani ya malo ndi bala lomwe silinapole kuyambira nthawi ya atsamunda, kuti zigawo zina zinasiyidwa m'mbuyo ndipo anthu ali ndi mkwiyo, kuti malamulo aakulu a dziko akufunika kukonzedwa. Imeneyi ndi 2006. Pa 27 December 2007 a ku Kenya anavota, zotsatira zinakanganitsa a Mwai Kibaki ndi a Raila Odinga, ndipo m'masabata otsatira anthu opitirira 1,100 anaphedwa, ena pafupifupi 600,000 anathawa m'makomo mwawo, ku Kiambaa pafupi ndi Eldoret anthu anawotchedwera m'tchalitchi momwe anathawira. Ndipo pomwe a Kofi Annan anapita kukayanjanitsa mbali ziwirizo, amene anali nawo pambali anali a Benjamin Mkapa ndi mayi Graça Machel omwe aja. Tangoganizani mtima wa mayi ameneyo, kubwerera m'dziko lomwe iye mwini analichenjeza, ulendo uno kukaona maliro.

Za ku South Africa ndiye zimatikhudza ife mwachindunji. Lipoti lawo analikambirana ku Accra mu July 2007, anatsogolera ndi Pulofesa Adedeji, ndipo mwa zina linanena kuti chidani chodana ndi anthu obwera ochokera m'mayiko ena a mu Africa chikukula ndipo chikufunika kuchithetsa chisanafike patali. Boma la a Mbeki, omwe anali mwini wake weniweni wa ganizo la APRM, linatsutsa mfundo imeneyi. Sipanathe ndi chaka chomwe. Mu May 2008 zinayamba ku Alexandra, zinafalikira m'makomboni ena, anthu 62 anafa, chithunzi cha bambo wa ku Mozambique akupsa ndi moto chinazungulira dziko lonse lapansi. Boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu. Msuweni wanga wina anabwera ndi mabasi amenewo, munthu amene anakhala ku Joni zaka, amene ankatumiza ndalama ya feteleza ndi fizi ya ana a mchemwali wake, anatsika ali ndi jumbo imodzi m'manja muli bulangete ndi pasipoti basi. Fuliji, wailesi, mashini ake osokera, zonse zinatsala m'kanyumba komwe anathawamo usiku. Amayi ake atamuona anangokhala pansi pakhonde osayankhula kanthu, iye nkumangobwereza kuti bola moyo, bola moyo. Nditadzamva pambuyo pake kuti panali lipoti lomwe linaneneratu zimenezi, ndipo mapulezidenti analikambirana ali pamodzi m'chipinda chimodzi, mutu wanga sunagwire. Akuluakulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso, ndipo mu 2015 zinachitikanso ku Durban, mabasi anapitanso.

Ndiye vuto la APRM si loti akatswiri aja amalemba zabodza kapena zonyengerera ayi, malipoti ambiri ananena zoona, ena ananena zoona zomwe ngakhale manyuzipepala a m'dzikomo ankaopa kulemba. Vuto lili pa amene amalandira lipotilo. Owunika omaliza ndi mapulezidenti okhaokha, amakumana chitseko chili chotseka, kawirikawiri m'mphepete mwa msonkhano waukulu wa AU aliyense ali ndi mapulogalamu ena, ena amangotumiza nduna. Mulibe wotsutsa boma, mulibe mtolankhani, mulibe mayi wa ku Alexandra kapena wa ku Eldoret. Ndipo aliyense amene wakhala pamenepo akudziwa kuti kwawonso kuli zake, akafunsa mnzake za katangale mawa afunsidwa iyeyo, akafunsa za kusintha malamulo kuti munthu aimenso kachitatu mwina nayenso akulingalira zomwezo. Anyani sasekana zikundu, basi zimathera kuyamikirana kuti mwachita bwino povomera kuwunikidwa, pitirizani.

Taonani amene akhala akutsogolera msonkhano umenewu. Kuyambira 2007 mpaka imfa yawo mu 2012 wapampando anali a Meles Zenawi a ku Ethiopia. M'zaka zomwezo, mu 2009, boma lawo linapanga lamulo loti bungwe lililonse lomwe limalandira ndalama zoposa 10 peresenti kuchokera kunja lisagwire ntchito za ufulu wa anthu, ndipo pa chisankho cha 2010 chipani chawo ndi abwenzi ake anatenga mipando yonse kupatula iwiri mwa mipando 547. Lipoti la Ethiopia lomwelo linachedwa kutuluka kupitirira miyezi 6 ija. Mu 2018 mpandowo unapita kwa a Idriss Déby a ku Chad, omwe anali pa ulamuliro kuyambira 1990. Sindikunena kuti anthu amenewa sanachitepo chabwino chilichonse m'mayiko awo, koma mtsogoleri wotere angayang'ane bwanji mnzake m'maso nkumuuza kuti tsegula mpata otsutsa azilankhula?

Ine ndikafuna kumvetsa bwino chomwe chikusowa ndimaganiza za banki m'khonde. Amene munakhalapo pa gulu mukudziwa, amayi akhala pamkeka, bokosi lili pakati ndi maloko ake atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndalama amawerenga mokweza aliyense akumva, ukachedwa pali chindapusa, ukalephera kubweza ngongole gulu lonse limanyamuka kubwera pakhomo pako ndipo utha kuona ndowa kapena mbuzi ikutuluka. Nakonso munthu amalowa mwa kufuna kwake, palibe amakukakamiza. Koma anthu amawunikana zenizeni chifukwa mnzako akabera, yomwe yapita ndi ndalama yako. Ku APRM pulezidenti wa dziko lina sataya kalikonse mnzake akanyalanyaza lipoti. Otaya ndi anthu wamba, ndipo iwowo ndi amene sali pamkekapo. Zikalata zoyambitsa bungweli zimanena kuti dziko likakana kukonza zinthu anzake ayambe akambirana nalo, zikakanika atha kuchitapo kanthu, koma sizinena kuti kanthu kakeko ndi chani. Pomwe anaonetsako mano ndi mu 2008 ataimitsa Mauritania asilikali atalanda boma, koma kulanda boma ndi mfuti nchinthu choonekeratu, zovuta kugwira ndi izi zochitika pang'onopang'ono, kubera zisankho, kufinya makhoti, kudya ndalama za boma.

Tibwere kwathu tsopano, chifukwa vuto lina la kulowa mwa kufuna kwako ndi loti utha kulowa nkungokhala phee. Malamulo ake amati dziko likasaina liwunikidwe koyamba pasanathe miyezi 18. Ife tinasaina 2004. Mozambique inawunikidwa mu 2009 nkubwerezanso mu 2019, Zambia yomwe inalowa pambuyo pathu mu 2006 inawunikidwa mu 2013, Kenya inawunikidwa kachiwiri mu 2017. Ife zaka zoposa 15 zinadutsa, a Bingu, mayi Joyce Banda, a Peter Mutharika, onse kulowa nkutuluka, dziko lisanawunikidwe mokwanira ngakhale kamodzi. Mu 2010 a Bingu anali wapampando wa African Union yonse, dziko lawo lili pa mndandanda wa omwe anasaina koma osachita. Ndipo palibe chinatichitikira, palibe anatifunsa mwamphamvu, dzina lathu linkangowerengedwa nawo akamanena kuti mayiko akutiakuti analowa.

Ndimadzifunsa kuti akanabwera cha m'ma 2009 kapena 2010 akanapeza chani. Akanamva anthu akudandaula za mphamvu zochuluka zomwe zili m'manja mwa pulezidenti, za zisankho za makhansala zomwe zinkangoimitsidwa chaka ndi chaka, za Section 65 ndi aphungu osamukasamuka, za mafuta ndi ndalama zakunja zomwe zinayamba kusowa. Pa 20 July 2011 anthu anapita pamsewu ndipo 20 anaphedwa. Akanayang'ana kayendetsedwe ka ndalama za boma mwina akanaona ziboo za mu IFMIS, makina a kompyuta oyendetsera ndalama za boma, zomwe anthu anadzatulutsira mabiliyoni pa Cashgate mu 2013. Kodi lipoti likanaletsa zimenezi? Poona za ku Kenya ndi ku Joni, mwina ayi. Komabe likanakhala chikalata cholembedwa ndi anzathu a mu Africa, chomwe boma silikanatha kuchikana ponena kuti awa ndi azungu akufuna kutilamulira, monga momwe ankayankhira akazembe nthawi imeneyo. Amipingo ndi amabungwe akanakhala ndi pogwira.

Ndiye pali nkhani ya ndalama, yomwe ndi yochititsa manyazi. Dziko lililonse linkayenera kusonkha madola 100,000 pachaka, kenako anakweza kufika 200,000, ndalama yomwe boma lililonse limatha kuwononga pa ulendo umodzi wa pulezidenti ndi gulu lake. Koma mayiko ambiri sankapereka, ngongole zinkangowunjikana, likulu la bungweli ku Midrand, ku South Africa, linakhala zaka zingapo lopanda mkulu wokhazikika, ndipo panali zaka zina zomwe sipanawunikidwe dziko ndi limodzi lomwe. Mapeto ake chinthu chomwe tinkanyadira kuti ndi chathuchathu chinkadaliranso thandizo la UNDP, African Development Bank ndi ena otere. Nako kudziwunika m'dziko kumadya ndalama, kuyenda m'maboma onse, kulipira ofufuza, misonkhano, ndiye boma lomwe silikufuna kuwunikidwa limangoti chaka chino bajeti yavuta, nkhani yathera pompo.

Ngakhale boma livomere, lili ndi njira zambiri zogwirira chiwongolero. Limasankha lokha anthu a mu komiti ija. Ku South Africa wapampando wa komiti anali nduna ya boma, mayi Geraldine Fraser-Moleketi, ndipo amabungwe anadandaula kuti nthawi inali yochepa komanso mfundo zina zowawa zinafewetsedwa lipoti lodziwunika lisanatumizidwe. Ku Rwanda boma linatsutsana ndi owunika pa nkhani yoti mpata wa ndale ndi wopanikizika. Kuno kwathu tikudziwa momwe zimakhalira akati tiitane mabungwe, amaitana aja ogwirizana nawo, msonkhano ku hotela ya kunyanja, ma alawansi, chithunzi cha pagulu, kwatha. Mafunso akenso ndi chibuku chachikulu cha chizungu cha akatswiri, moti mlimi wa ku Mchinji amene akudziwa bwino lomwe momwe makuponi amasowera sangapeze polowera pokhapokha wina achite kumutsatira kumudzi ndi kumufunsa m'chilankhulo chake.

Ndipo lipoti likatuluka, pulani ija yokonzera zinthu imakhala ndi mitengo ya mabiliyoni a madola koma siilowa mu bajeti, imangokhala pambali ngati chikalata china pamwamba pa mapulani ena omwe dziko lili nawo kale. A unduna wa zachuma sakuidziwa, aphungu sanaione, boma likasintha olowawo amati zimenezo zinali za anzathu aja. Yerekezani ndi momwe timathamangira a IMF akati akubwera, ma ofesi onse ku Capital Hill amakhala yakaliyakali usiku wonse kukonza manambala, chifukwa kumeneko kuli ndalama yomwe itha kuimitsidwa. Izi zimandipweteka kuzinena koma ndi momwe zilili, timamvera amene ali ndi chikwama kuposa m'bale amene akutiuza zoona kwaulere.

Kunena chilungamo, anthu ena ayesetsa kulidzutsa bungweli. Mu 2014 analilowetsa mokwanira mu AU, a Uhuru Kenyatta atakhala wapampando anaitanitsa msonkhano wapadera mu January 2016, anasankha Pulofesa Eddy Maloka kukhala mkulu wake, kuwunika kunayambiranso, mayiko ena analowa kuphatikizapo Zimbabwe mu 2020, pano mamembala anapitirira 40. Analipatsanso ntchito zina, kulondoloza Agenda 2063 yomwe ndi masomphenya a chitukuko a AU, zolinga za chitukuko za UN, ngakhale nkhani ya momwe makampani akunja amayezera mayiko athu pa ngongole. Ine apa ndimaona ngati akulisenzetsa katundu wambiri pomwe ntchito yake yoyamba ija siinakhazikike. Kuchuluka kwa mamembala sikutanthauza kanthu ngati ambiri akuchita zomwe tinachita ife. Mali inawunikidwa mu 2009 ndipo ambiri ankaitenga ngati chitsanzo cha demokalase, mu 2012 asilikali analanda boma. Burkina Faso inawunikidwa mu 2008, mu 2014 a Blaise Compaoré anafunabe kusintha malamulo kuti apitirize kulamula mpaka anthu anawotcha nyumba ya malamulo nkuwathamangitsa. Anzawo aja anali kuti zaka zonsezo pakati pa lipoti ndi moto?

Chomwe chimandipatsa maganizo kwambiri ndi zomwe tinaona tokha mu 2019 ndi 2020. Chisankho cha Tipp-Ex chija, magulu ambiri akunja owonerera anapita kwawo atanena kuti zinthu zayenda bwino ndithu, mauthenga oyamikira anabwera kuchokera kwa atsogoleri anzathu. Amene anakana anali anthu pamsewu miyezi ndi miyezi, ndi majaji asanu omwe pa 3 February 2020 anagamula kuti chisankho chichitikenso, nkuchitikadi pa 23 June. Mlanduwo unkaulutsidwa pa wailesi, akumasulira m'Chichewa, anthu m'maminibasi, m'misika, ogulitsa tomato, a kabaza, onse ankatsatira nkumakambirana za ma fomu ndi ma siginecha ngati maloya. Umboni utafika m'makutu mwa eni dziko unagwira ntchito. Malipoti a APRM ali ndi umboni wa mtundu womwewo, koma amathera m'chipinda cha mapulezidenti ndi pa intaneti, masamba mahandiredi angapo a chizungu kapena chifalansa omwe amawerenga ndi ophunzira a ku yunivesite okha.

Nchifukwa chake ine sindili m'gulu la onena kuti APRM ingothetsedwa. Ndikufuna iwunike dziko lathu mokwanira, komiti yake asasankhe a boma okha, mukhale a PAC, a Law Society, a mabungwe a alimi, a achinyamata, mafumu, ndipo tsiku lomwe lipoti likupita kwa mapulezidenti lifikenso ku nyumba ya malamulo ku Lilongwe, aliwerenge pa MBC ndi pa mawailesi a m'madera m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena. Ndipo poyambira pake mposavuta, phungu mmodzi yekha aimirire nthawi ya mafunso afunse nduna kuti kuyambira July 2004 dziko lino lasonkha ndalama zingati ku APRM, ngongole yatsala ingati, ndipo lipoti lathunthu la Malawi anthu alipeza kuti ndi liti. Amene muli ndi nambala ya phungu wa kwanu, mutumizireni funso limeneli pa WhatsApp.